Phunzirani Chingerezi cha Bajeti, Fizi Munalipira Kale

Makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje, lekani kutaya ndalama polipirira ana patitaimu ya Chingerezi. Boma linatitsegulira kale sukulu. Imakumana kamodzi pachaka, cha mu February kapena March, nduna ya zachuma ikamapita ku Nyumba ya Malamulo kukawerenga bajeti, poti kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April. Mphunzitsi amayankhula mpaka kukhosi kuuma, ana a kutsogolo amamenya matebulo, ndipo inu a benchi lakumbuyo mungosowa wailesi ndi mabatire. Za fizi musade nkhawa. Munalipira kale kudzera mu VAT tsiku lija munagula mayunitsi.

Lamulo loyamba: umphawi musamautchule m'Chichewa, umamveka moipa. Mayi wa tomato pa Nathenje akaoda katundu wa K20,000 kansalu kali ndi K14,000, anzake amati wadziika yekha m'ngongole. Boma likachita zomwezo, dzina lake ndi deficit, ndipo anthu amaomba m'manja. Mu February 2025 nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Simplex Chithyola Banda, anawerenga bajeti ya pafupifupi K8 trillion, ndalama zoperewera zikupitirira K2 trillion. Palibe anakomoka. Inunso bambo, ya ndiwo ikathera pa bawo, musalowe m'nyumba mozemba. Imani pakhomo, khosomolani pang'ono, muuze mayi a kunyumba kuti banja lili pa deficit ndipo mukuganiza za domestic borrowing. Akafunsa tanthauzo, ndi kukakongola kwa alamu anu, koma zimenezo asamve.

Amene anayamba kale sukuluyi akukumbukira kalasi ya 2011, pamene boma la Bingu wa Mutharika linatiphunzitsa zero deficit budget mayiko otithandiza atatseka dzanja. Tanthauzo lake tinakalimvera pamizere ya mafuta titanyamula zigubu. Ziro uja anali wa m'thanki.

Lamulo lachiwiri, ndipo ili ndimalikonda: kwacha siigwa. Kugwa ndi kwa ana ndi anthu oledzera. Kwacha imachita realignment. Anyamata a kabaza pa Mitundu musavutike nawo mawuwa, mumawadziwa kale, ndi kuwongola gudumu lopindika. Mu May 2022, a Sosten Gwengwe, phungu wa ku Msozi konkuno nthawi imeneyo, ali nduna ya zachuma, kwacha inawongoledwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 Reserve Bank inaiwongolanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Chikhalirecho sindinakumanepo ndi munthu amene anawongoka nayo. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala timagula kunja ndi madola, ndiye dola ikakwera thumba la Urea limakwera, minibasi ya ku Bunda imakwera, mchere nawo umatsatira ngakhale sunaitanidwe. Koma inu mukafika pa okala n'kupeza mtengo wasintha usiku, musadandaule ngati munthu wosaphunzira. Gwedezani mutu, munene kuti ndi inflation, mubwerere chimanjamanja mwaulemu.

Lamulo lachitatu ndi la galamala. Palibe buku limene limaphunzitsa future tense kuposa bajeti. Msewu udzamangidwa. Aphunzitsi adzalembedwa. Mankhwala adzagulidwa. Mwana wa Fomu 2 akamvetsera mpaka kumapeto, kamawu kakuti will sadzakaiwala moyo wake wonse. Past tense ndiye yovuta. Imeneyo amaphunzitsa ndi Auditor General, patapita chaka kapena ziwiri, m'lipoti lonenepa limene owerenga ake ndi ochepa. Apa gwirani mawu awiri ooneka ngati pachibale koma osayenderana. Allocation ndi ndalama yolembedwa papepala kuti ipita ku chipatala, ku sukulu kapena ku khonsolo. Disbursement ndi ndalama imene Treasury yatulutsadi. Pakati pa awiriwa pali Mid-Year Budget Review, pamene chaka chikafika pakati manambala amawakonzanso. Choncho mukamva kuti mlatho wa kwanu wapatsidwa allocation, musagulitse msanga mabutsi a mphira.

Ena ndingowatchula mothamanga, belu lili pafupi kulira. Austerity measures: mangani lamba, inuyo. Widening the tax base: akubwera kwa inu a salaula ndi a chiwaya. Fiscal space: malo amene kulibe. Development partners: amene timawatukwana pamsonkhano n'kuwalandira ndi magule pabwalo la ndege. Trillion: wani ndi maziro 12, musayese kuwerenga ndi zala.

Mawu amodzi okha ndiwaimira, debt servicing. Servicing imamveka bwino, ngati galimoto yapita kukathiridwa oyilo. Tanthauzo lake ndi kulipira ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Mu bajeti ya 2025/26 chiwongoladzanja chokha chinapatsidwa ndalama zoposa K2 trillion, kuposa zimene zinaikidwa ku zaumoyo. Gawo lalikulu limapita kwa obwereketsa a m'dziko momwemuno, makamaka mabanki, amene amapeza kuti kukongoza boma n'kokoma kuposa kukongoza mlimi wa mtedza. Mukadzauzidwa kuchipatala kuti mukagule nokha mankhwala ku famase, mudziwe kuti ina mwa ndalamayo inapita ku servicing.

Apa nthabwala zandithera. Ndalama imene akuiwerengayo ndi ya anthu. Ndi ya mlimi amene fodya wake amakagulitsidwa ku Kanengo n'kubweretsa forex yomwe ikuliridwayo, ndi ya mayi amene amadula tikiti ya msika tsiku lililonse, wagulitsa kapena sanagulitse. Koma nkhani ya ndalama yawo imakambidwa m'chiyankhulo chimene ambiri a iwo sachimva, ndiponso m'Chingerezi chimene ngakhale ophunzira a pa Bunda amachikandira m'mutu. Gawo 51 la Malamulo oyendetsera dziko limati phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Loti wovota azimva zimene phunguyo wavomereza m'dzina lake, limenelo silinalembedwe. Nthawi ya kampeni Chichewa chimayenda bwinobwino, ndi miyambi yomwe. Chimasowa tsiku logawa ndalama. Atolankhani a pa Zodiak ndi MBC amayesetsa kumasulira madzulo, koma kumasulira bajeti si chifundo choti eni ake azidikirira kwa atolankhani.

Tibwerere m'kalasi. Lamulo lomaliza ndi la mayeso, poti MSCE siituluka ukalephera Chingerezi. Phungu wanu akadzabwera kudzapepesa maliro, mudikire mwambo uthe, mum'patse moni mwaulemu, kenako mum'funse kuti: bwana, pa ndalama za CDF za chaka chino, allocation inali zingati, nanga disbursement zingati, ndipo zagwira ntchito yanji? Mufunse anthu akumva. Akayamba kuyankha m'Chingerezi, muuzeni kuti inu mwakhoza kale, tsopano ndi nthawi yake yolemba mayeso a Chichewa.