Malangizo kwa wofuna kuoneka wotanganidwa pantchito

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wantchito asapyole maola 48 pa sabata. Silinanene kuti maola onsewo thukuta lizituluka. Wanzeru amaona mpata pamenepa.

Yambani ndi jekete. Likolekeni pampando m'mamawa, kompyuta muyatse, cholembera muchisiye chotsekula pamwamba pa fayilo. Jekete likakhalapo ndiye kuti inu mulipo, ngakhale muli pachiwaya kuseri kwa mpanda. Wokufunani auzidwe kuti "angotulukako pang'ono".

Akatswiri amatama njira yotchedwa dzina la Dwight Eisenhower, amene analamulira America kuyambira 1953 mpaka 1961. Akuti ntchito muzizigawa panayi: zofunika komanso zachangu chitani lero, zofunika koma zosathamangitsa ziikireni tsiku, zachangu koma zosafunika patsani wina, zotsalazo tayani. Nzeru yabwino, kungoti mkuluyu anaiwala funso lenileni: kodi pali alawansi? Msonkhano wa kunyanja ku Mangochi ndi wofunika komanso wachangu, ngakhale mutu wake mukaumvera m'galimoto mutadutsa kale pa Liwonde. Koma agogo aja akhala pabenchi chiyambire m'mawa, atafumbata envelopu yakhaki yothetheka m'mbali, kudikira za penshoni yawo, amenewo ndi a gawo lachinayi. Kalata yawo ikhale potsamira kapu ya tiyi. Gawo lachitatu ndiye lokoma kuposa onse: chilichonse cholemetsa mutu mutulireni mwana wongophunzira ntchito uja, chikayenda bwino dzina likhale lanu.

Palinso Francesco Cirillo wa ku Italy, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ankatchera kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Mphindi 25 kugwira ntchito, mphindi 5 kupuma. Inu ingotembenuzani. Mphindi 5 palipoti, mphindi 25 pa WhatsApp kuweruza mkangano wa mtundu wa chitenje cha paukwati wa msuweni wanu. Manambala ndi omwewo, angakutsutseni ndani?

Mu 1955, Northcote Parkinson wa ku Britain anaona kuti ntchito imafufuma mpaka kudzaza nthawi yonse imene yapatsidwa. Musamuchititse manyazi bamboyu. Lipoti la tsiku limodzi mukapatsidwa sabata, liyambeni Lachisanu masana, kenaka muziyenda mothamanga m'khonde mapepala ali m'khwapa, mukupuma mwa befu. Abwana amakonda wantchito wotere. Wamaliza zake Lachiwiri mwakachetechete uja amaoneka ngati alibe chochita, ndipo mphotho yake ndi kumuonjezera mafayilo a anzake.

Zikafika pothina, itanitsani msonkhano wokambirana tsiku la msonkhano wina. Zikakanika, netiweki yavuta.

Amene muli ndi mafunso pa malangizowa, mubwere mawa. Osainira mayankho ali ku maliro.