Kaphikidwe ka Injini

Inu amene mwatopa nayo galimoto koma mukusowa poyambira kuipha, senderani kuno.

Musamatsekule boneti. Mkatimo muli kabotolo ka pulasitiki kolembedwa MIN ndi MAX, ndipo anthu amantha amakasuzumira m'mawa injini isanalire, kuti aone ngati madzi ali pakati pa mizere iwiriyo. Zisiyeni zimenezo. Injini ikamva ludzu idzanena yokha, ndipo imakonda kunenera pa chitunda cha Thabwa, mwezi wa Okutobala, mukuchokera ku Chikwawa, apongozi ali kumpando wakumbuyo ndi nkhuku yawo.

Coolant wa m'sitolo, wobiriwira kapena wapinki uja, n'kutaya ndalama. Akuti amaletsa dzimbiri, akutinso amachedwetsa madzi kuwira. Nanga mjigo uli apowu anaukumbiranji? Tungani basi. Mchere wa m'madziwo udzatseka timipata ta rediyeta pang'onopang'ono, monga umachitira m'ketulo ya agogo, dzimbiri n'kudzamalizitsa. Ikayamba kudontha, matani sopo. Ena amaswera dzira momwemo, ndiye kuti ndiwo zapsa kale.

Kasingano ka pa dashibodi kakachoka pa C n'kumakwera kulunjika pa H, musade nkhawa. H ameneyo akuimira Haleluya. Kwezani wailesi, pondani moto.

Tsono nthunzi ikayamba kufuka, apa ndi pamene mwamuna amaonekera. Anzanu amazimitsa injini n'kukhala pamthunzi mpaka izizire, kenako n'kutsekula chivindikiro cha rediyeta ndi chinsanza, pang'onopang'ono. Alibe kopita amenewo. Inu potokolani pompo ndi dzanja lanulanu, nkhope mutaweramitsa. Madzi a m'menemo amakhala opanikizika, otentha kupitirira madigiri 100, ndipo adzakusambitsani mpaka khungu kusupuka. Mukabwerako ku chipatala, anthu a kwanu adzakuzindikirani ndi mawu okha.

Ngati manja atsala, khuthulirani madzi ozizira m'injini yamotoyo kuti chitsulo ching'aluke bwino. Mawa lake utsi woyera udzatuluka kumbuyo ngati mukuotcha makala, oyilo atasanduka tiyi wamkaka. Makaniko adzasolola kawaya koyezera oyilo, n'kukayang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu mwachisoni kwinaku akubisa kumwetulira: "Bwana, gasiketi yapita."

Musanyinyirike naye mtengo. Ana ake atatu ali ku sekondale, ndipo fizi ya temu ino ikudikira inuyo.