Mfiti ya m'khoma la kubafa

Ine ndine munthu wolimba mtima, makamaka masana. Koma usiku wina mu Okutobala, cha m'ma 2 koloko, khoma la kubafa litayamba kuti gu! gu! gu! kenako fyoo, ndinangopezeka ndili kumbuyo kwa mayi a ana, mpini wa khasu uli m'manja, ndikuwanong'oneza kuti atsogole.

"Gonani abambo, ndi madzi amenewo," anatero, n'kunyamula zigubu zawo.

Madzi? Muno mu Chongwe, mwezi umene damu limaphwa mpaka matope kung'aluka? Ndinakana. Poyamba ndinati mwina mitambo imene anzathu Asoli amaitsitsa pa mwambo wa Chakwela Makumbi yasochera n'kulowa m'khoma langa. Kenako ndinakumbukira kuti aneba anandiyang'ana moipa nkhuku yanga itawadyera repu. Ndinawaza mchere pakhomo, paketi yathunthu. Ndiwo za tsikulo tinadya zosakolera, ndipo usiku mfiti inagogodanso.

Mawa lake ndinakwera minibasi pa Great East Road, ulendo wa ku Kamwala mu Lusaka, kukagula sipanala yaikulu ngati mwendo wa mbuzi. Nditabwerako ndinamanga mpopi mwamphamvu zanga zonse. Unathyoka. Madzi amene tinkawalira sabata yonse anandisambitsa ndi jekete lomwe.

Mnyamata wokonza mipopi atafika pa njinga yake, anagunditsa khutu kukhoma ngati namwino wa kusikelo.

"Madala, mfiti yanu ndi mpweya," anatero. Akuti madzi akasiya kubwera, m'mapaipi mumadzaza mpweya. Akabweranso usiku amaukankha, ndiye mpopi umatsokomola ndi kulavula. Kugogodako akuti n'chifukwa paipi yathu inangolenjekeka popanda choigwira, ndipo tikatseka mpopi mwadzidzidzi madzi othamanga amaima nthawi imodzi, paipi n'kumenya khoma. Likhweru lija linali la kamphira kam'kati mwa mpopi, kamene kanali katadyeka.

Anatseka vavu yaikulu ya pamita, n'kutsegula mipopi yonse kuti madzi otsalira atuluke. Kenako anatsegulanso vavu ija pang'onopang'ono mpaka mipopi inasiya kutsokomola, n'kuitseka umodziumodzi. Paipi anaikulunga ndi malegeni a chubu cha njinga, n'kuikhomerera kukhoma. Kamphira katsopanoko mtengo wake sunafike ngakhale pa wa mchere ndinawaza uja. Chimene chinandiliza ndi mpopi umene ndinathyola ndekha.

Usiku umenewo ndinagona ngati mwana woyamwa. Mayi a ana nawonso anagona. Madzi anabwera mwakachetechete ngati mkamwini wobwera kumowa, n'kubwerera kusanache. Tinadzuka zigubu zili gwaa.

"Mwachita bwino abambo," anatero mayi, mawu ali ozizira. "Belu lija limandidzutsa kuti nditunge madzi mwalichotsa ndinu. Kuyambira lero belu ndinu."

Ndiye mukadutsa kwathu 2 koloko usiku n'kuona bambo wachikulire atakhala pa chigubu, atafunda chitenje, akuyang'anitsitsa mpopi wouma, musakuwe kuti mfiti. Ndine, ndili pa ntchito. Ndipo inu amene mapaipi anu akugogoda, musanaitane wokonza, yambani mwafunsa akunyumba ngati phokosolo lilibe ntchito yake.