Kompyuta ya magemu pa thumba la ku Kapata

Anyamata a ku Kapata akamalumikiza kompyuta ya magemu, mkangano umayambira pa graphics card, kachipangizo kamene mtengo wake ungagule mbuzi zingapo. Wochenjera amatenga purosesa ya Ryzen 5 5600G, poti imatulutsa yokha zithunzi, n'kuikapo RAM ziwiri za 8GB m'malo mwa imodzi ya 16GB, gemu ya GTA V n'kumayenda ndithu. Timagetsi tofiira ta m'bokosi sitithamangitsa kanthu, komatu ndi timene amayamba kugula. Power supply yotchipa ndiye ayi, ikapsa imapita ndi anzake. Zipangizo zambiri zimabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, mwini wake mtima uli m'mwamba ulendo wonse. Ndiye mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kuyamba kuzimazima, akatswiri onsewa anabwerera ku nsolo, kudikira malaiti.