Ugoloboyi wanga wa pamchenga

Ndinkakhulupirira kuti m'masewero alionse muli munthu mmodzi wodya zaulele, uja ntchito yake ndi kuwakha mpira. Nditaona pa YouTube catcher wa baseball ku America atanjuta kumbuyo kwa womenya, nkhope ili m'chisoti chazitsulo, akungopinda zala pouza mnzake kaponyedwe, ndinati ameneyu akulandirira kukhala pansi. Goloboyi wa Malawi Charles Thomu atawakaniza chigoli a Senegal ku Cameroon mu January 2022, anzanga ankakuwa, ine n'kumati easy, golo siithawa.

Chaka chomwecho timu ya Malawi ya mpira wa pamchenga inapita koyamba ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo, gombe lonse linatekeseka, ndipo anyamata a kwa Makawa atasowa goloboyi ndinakweza dzanja ndekha, osafunsa kanthu.

Sindinkadziwa kuti amasewera opanda nsapato, ndiye ndinatulukira ndi jombo zobwereka, magolovesi a amisiri omanga nyumba ndi jersey ya manja aatali, dzuwa la October la ku Mangochi likuswa mtengo, ndipo nditavula jombozo mchenga unandiwotcha mapazi mpaka ndinayamba kudumphadumpha, anthu n'kumayesa ndi warm-up. Mpira woyamba ndinaugwadira bwinobwino, unagunda kamulu ka mchenga n'kundidutsa paphewa, wotsatira ndinaudikira m'mwamba, unadzera pakati pa miyendo. Itabwera free kick ndinakuwa kuti “mpanda, mpanda!” osadziwa kuti kunoko mpanda ndi woletsedwa, anzanga anangopatuka mwaulemu, ndinatsala maso ndi maso ndi mnyamata amene miyendo yake inakhwimira pokoka khoka, ndipo umenewo ndinauwakhadi, kungoti ndi mphuno.

Pofuna kubweza ulemu ndinaganiza zochita dive ya pa TV. Ndinauluka mpira usanamenyedwe, ndinapitirira golo, ndinakagwera pathandala la usipa wa mayi wina, nsomba zili m'khosi, zina m'kabudula, agalu atafika kale. Mayiyo anayamba andifunsa kaye kuti, “Pepani bambo, mwavulala?” kenako anatchula mtengo.

Masewerowa amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 12. Ine ndinathera m'chigawo choyamba. Kaputeni anandigwira paphewa: “Ankolo, pumani kaye, muzitisungira mafoni.” Ndinavomera ngati ndakwezedwa pantchito. Wolowa m'malo mwanga anandiponyera foni yake chapafupi pomwepa, mofatsa, ndipo mpaka lero ndikulipirabe screen.