Chingwe chinalowa, mawu anakana

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni anandigulitsa ampulifaya ya home theatre, masipika asanu ndi chisipika china chonenepa ngati mtondo. Chaka chimene inapangidwa sindinafunse. Nditangoona mabowo ambirimbiri kumbuyo kwake, ndinadziwa kuti umphawi wanditsanzika.

Loweruka ndinaitana aneba kudzaonera mpira. "Lero mumva ngati muli m'bwalo momwemo," ndinatero ndikusisita mimba. Dikoda ndinailumikiza ku TV yanga yatsopano yangongole, kenako ndinatenga chingwe cha HDMI kuchoka pa TV kupita ku ampulifaya. Chinalowa bwinobwino mbali zonse. Mpira unayamba. Masipika onse anangoti zii, ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Ndinazula chingwe, kuuzira m'bowo, kubwezera. Zii. Ndinaimenya khofi ampulifayayo monga tinkachitira ndi wailesi ya malemu bambo. Zii. Aneba anayamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti kwawo anasiya madzi pamoto.

Lolemba ndinainyamula pa kabaza kupita nayo kwa mnyamata wokonza mawailesi kumsika. Anaitembenuza, n'kuwerenga kachipepala kakumbuyo, n'kuseka.

"Madala, iyi ndi ya 2008, ya HDMI 1.3. Kuti mawu abwerere kuchoka pa TV kupita ku ampulifaya pamafunika ARC, ndipo ARC inabwera mu 2009 ndi HDMI 1.4. Mwaphonya ndi chaka chimodzi."

"Koma chingwe chikulowatu, achimwene."

"Kulowa chilowa. Bowo ndi lomwe lija la mu 2002, chimene chimasintha ndi chilankhulo cha m'kati."

Ndiye anandiwerengera mibadwo ngati mafumu a m'Baibulo. Mu 2013 kunabadwa 2.0 yonyamula bwino zithunzi za 4K. Mu 2017 kunabadwa 2.1 ndi mng'ono wake wa ARC wotchedwa eARC. Mu 2025 analengeza 2.2, nayonso ndi chingwe chakechake. Anati ngakhale azungu amene anathamangira maampulifaya oyamba a 2.1 mu 2020, ena atalumikiza makina atsopano a magemu ankangoona mdima pa TV. Apo mtima unakhalako pansi: kupusa kwanga kuli ndi abale kunja.

Ndinabwerera kunyumba ndikuwerengetsera mtengo wa ampulifaya ina. Mayi a Chikondi anamvetsera nkhani yonse manja ali m'chiuno.

"Bambo a Chikondi, paja safunsa anadya chiyani?"

Sanadikire yankho. Anapita kuseri, n'kumasula chingwe chimene amamangira chitseko cha khola la nkhuku. Chinali chingwe chakale chija cha mitu itatu, wofiira, woyera ndi wachikasu, chimene ndinachitaya ndikunena kuti ndi cha anthu otsalira. Anachipukuta ndi chitenje, wofiira ndi woyera n'kulowetsa ku dikoda, mbali inayo ku ampulifaya. Nyumba inagwedezeka.

Panopa akuyimba ndi masipika awiri okha, wakumanja ndi wakumanzere. Atatu enawo mayi anawayala nsalu zoluka n'kuikapo maluwa apulasitiki, ndipo alendo amayamikira kuti tili ndi timatebulo tokongola. Nkhuku nazo zikugona chitseko chili pululu. Ndapita kale kwa mayi kukapepesa, ndipo tagwirizana kuti chitsekocho tizimangira chingwe cha HDMI. N'cholimba ndithu, ndipo nkhuku sizinafunsepo ngati chili ndi eARC.