Umakaniko wanga unathera pa Khwekhwelere

Galimoto yanga ndi Land Rover Defender 110 ya injini ya 300Tdi, mtundu umene unayamba kutuluka mu 1994. Ndinaigula pa okushoni ya bungwe lina lomwe linkatseka pulojekiti, ndipo aliyense woiona ankati ndatola. Ndi nkhalamba ndithu. Ikayima imanjenjemera, chitseko chakumbuyo chimafuna bondo kuti chitsekeke, koma matope a msewu wakwathu sinawaopepo. Tsono itayamba kulira "gwee-gwee" kutsogolo kwa injini, m'mawa uliwonse pansi pake n'kumapezeka ponyowa, ndinathamangira nayo ku galaja.

Makaniko sanachedwe. Anagwira kagudumu ka pampu ya madzi n'kukagwedeza, ndipo kanavomera kuti gwede gwede. Kenaka anandionetsa kabowo kakang'ono kapansi pa pampuyo, pomwe panali mzere wa dzimbiri wotsikira m'munsi. "Bwana, bering yatha, silo nayo yatha. Madzi akutulukira apa. Pampu yatsopano basi." Atanditchulira mtengo wa ntchitoyo ndinamufunsa ngati akuphatikizapo matayala. Sanaseke. Ine ndinachoka ndikudziuza kuti mabawuti 8 sangagonjetse munthu amene anakhoza fizikisi pa MSCE.

Mayi a kunyumba anayesa kundiletsa. "Abambo, Loweruka likubweralo kuli chinkhoswe ku Mtakataka, ndipo amayi tinawalonjeza kuti pobwera tiwatenga. Bwanji osangowapatsa eni ake ntchitoyi?" Ndinawayankha kuti ndaonera kanema pa intaneti, mzungu wina wasintha pampu yomweyi asanamalize kumwa tiyi. Sindinawauze kuti galimoto ya mzunguyo inkanyezimira mkati mwa boneti, pomwe yanga inakhala zaka ikumwa madzi a pamjigo.

Pampu ndinakagula ku Malangalanga, pamodzi ndi sipanala yopyapyala ya 32 yomasulira fani. Mnyamata wogulitsayo anatulutsanso kagasiketi kena kakang'ono kooneka ngati chilembo cha P. "Bigi, tengeraninso aka. Mukamasula pampu, aka kamakwiya." Ndinamuyang'ana ngati wakuba. Pampuyo inali kale ndi gasiketi yake m'katoni, ndiye ndinaona kuti akungofuna kundibudula ndalama. Ndinakana, n'kunyadira kuti ndine munthu wochenjera pamsika.

Ntchito inayambira pansi pa mtengo wa mango, ndi beseni lochapira lomwe ndinabwereka osapempha. Madzi amene anatuluka mu radiyeta anali ofiirira, onunkha chitsulo. Apa m'pamene ndikanayenera kuchita mantha, chifukwa kulanti sikuti imangoziziritsa injini, imatetezanso zitsulo ku dzimbiri, ndipo injini yomwe yakhala ikuthiridwa madzi okhaokha imadyeka mkati mwakachetechete. Koma ine maso anali pa fani.

Nati ya faniyo inandidyera m'mawa wonse. Ndinakoka sipanala chakumanzere monga timamasulira nati iliyonse. Sinasunthe. Ndinalowetsa paipi ya madzi kuchigwiriro kuti mphamvu ichuluke. Ndinaitana mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo kuti tikokere limodzi. Sipanala inapulumuka, zala zanga zinakapala radiyeta, khungu linatsalira pomwepo. Bambo wina wachikulire wa m'dera lathu, yemwe anapuma pa udalaivala m'boma, anali atayima pampanda kwa kanthawi akuonerera. Anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, pamenepotu mukumanga." Nati imeneyi mazinga ake ndi otembenuza. Imamasuka ukaipotokola chakumanja, mmene imayendera mivi ya wotchi, ndipo anaipanga choncho dala kuti injini ikamazungulira iziilimbitsa m'malo moimasula. Ine ndi mnyamata uja tinali titathandiza injini ntchito imeneyo ndi mtima wonse. Bamboyo anaika sipanala, anaimenya ndi hamala kamodzi kolowera kumanja, nati inagonja, iye n'kumapita osatembenuka.

Lamba ndinamuchotsa msanga, kenaka ndinazindikira kuti mabawuti a kagudumu ka pampu amafuna kumasulidwa lamba akadali wokoka, apo ayi kagudumuko kamangozungulira nawe. Ndinamubwezera, ndinamuchotsanso, ndipo pofika apo ndinali nditaiwala njira yomwe amadutsa, poti ndi lamba mmodzi wautali amene amazungulitsa fani, pampu, altineta ndi pampu ya chiwongolero.

Tifike pa mabawuti 8 aja. Asanu ndi aafupi, ndipo anatuluka mwaulemu. Atatu ndi aatali. Amenewa samangirira pampu yokha. Amadutsa pampu, n'kudutsa chitsulo chomwe pampuyo imakhalapo, n'kukalowa m'buloko ya injini. Pakati pa chitsulocho ndi buloko m'pamene pamagona kagasiketi ka P kaja. Ukamasula mabawuti atatuwo, kagasiketi kakale komwe kakhala kofinyidwa kwa zaka kamapeza mpata, ndipo ukamanganso sikagwiranso ngati poyamba. Izi ndikuzifotokoza bwino lero chifukwa ndinazilipirira sukulu fizi. Tsiku limenelo ndinangoona kuti bawuti imodzi yaitali yatuluka movutikira, itadyeka pakati ndi dzimbiri mpaka kuonda. Ndinaipala ndi sandipepa, ndinaipaka girizi, n'kuibwezera momwemo. Pomanga ndinaichitira chifundo kuopa kuti ithyoka, kutanthauza kuti sindinailimbitse.

Pampu yatsopano inakhala bwino, ndisaname. Ndinapala gasiketi yakale mpaka chitsulo chinawala, ndinamanga mabawuti mosinthanasinthana, ndinabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuisirira.

Chinatsala n'kuthira madzi. Injiniyi imalowa malita opitirira 11, ndipo pampu yake ili pamwamba kwambiri, kotero mpweya ukatsalira mkati umakaunjikana pomwepo. N'chifukwa chake pali mapulagi awiri, ina pamwamba pa radiyeta, ina pa chivindikiro cha thermostat, oti utsegule pothira kuti mpweya utuluke. Anga anali apulasitiki, okalamba ndi kutentha. Nditangoikapo sipanala, mutu wa pulagi ya pa thermostat unanyenyeka ngati bisiketi. Ndinaiyang'ana, inandiyang'ana, tinagwirizana kuti tisiyane. Ndinathira kulanti ndi madzi kudzera m'kathanki kapambali mpaka kudzaza, ndinaliza injini, phokoso lija linali litatha. Usiku umenewo ndinadya nsima ndi dzanja lamanzere chifukwa cha mabala, koma ndinadya ngati mfumu.

Ulendo wopita unayenda bwino, poti kuchokera pa Masasa kukafika ku Golomoti n'kutsetsereka kokhakokha. Tili ku Mtakataka ndinatsegula boneti kuti alamu anga aone ntchito ya manja anga, ndipo ndinaona kamzere konyowa kotsika m'mbali mwa buloko, kuseri kwa pampu. Ndinakapukuta ndi kansalu alamuwo asanakaone.

Pobwerera tinali ine, mayi a kunyumba, apongozi, azakhali awiri, matumba a mpunga ndi mbuzi yomwe tinapatsidwa. Dzuwa linali litapendeka pang'ono koma chigwa chinali chikadali ng'anjo. Amene mumaudziwa msewu wa Khwekhwelere mukudziwa kuti pokwera supatsa injini mpata wopuma: khona likatha, lina layamba, giya yachiwiri mpaka mwendo kuuma. Muvi wa geji unakwera pang'ono kupitirira pakati. Mtima unagunda. Kenaka muviwo unatsika wokha. Ndinagunda mayi a kunyumba ndi chigongono n'kunena mokweza kuti akumbuyo amve, "Mwaona? Pamtunda ngati pano ikuchita kuzizira."

Geji imayeza kutentha kwa madzi amene akukhudza kachitsulo kake. Madzi akatha, kachitsuloko kamatsala mumpweya, ndipo muvi ukhoza kuima kapena kutsika pomwe injini ikupsa. Muvi umene ndinkaunyadirawo unkandiuza kuti madzi atha.

Kunabwera fungo la chinthu chopserera, mphamvu inayamba kuchepa, kenaka nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti. Ndinakhotera pambali, pafupi ndi anyamata osema zidole amene amagulitsa m'mphepete mwa msewuwu. M'galimoto munali zii. Apongozi, poti mwambo suwalola kulankhula nane mwachindunji, anatembenukira kwa mwana wawo. "Tawafunsani bambo a kwanuwa, kodi tafika?"

Munthu wanzeru akanadikira kuti injini izizire yokha. Ine ndinali ndi apongozi m'galimoto ndiponso mbiri yoti nditeteze. Ndinatsegula chivindikiro cha kathanki ndi mpango, nthunzi inandiwaula padzanja lomwe linali lisanavulale. Kenaka ndinatenga chigubu cha madzi ozizira n'kukhuthulira momwemo. Injini inalira kuti "tswee", ndipo mkati munamveka kuthetheka. Hedi ya injiniyi ndi ya aluminiyamu, buloko ndi yachitsulo, ndipo ziwirizi sizifufuma kapena kunyala mofanana. Ngati kutentha kunali kutasiyako kena kake kabwino, madzi ozizirawo anakamalizitsa. Nditayesa kuliza, ekizozi inatulutsa utsi woyera, madzi a m'kathanki n'kumabwata injini isanatenthe n'komwe.

Mmodzi wa anyamata osema aja anabwera atanyamula ka Land Rover kamtengo, kosemedwa bwino, kokhala ndi tayala la sipeya pa boneti ndi zitseko zotseguka. "Bwana, iyi siitentha." Anzake anaseka mpaka kukhala pansi. Apongozi anamasula mfundo ya chitenje, anawerenga ndalama, anakagula, n'kupatsa mwana wawo. "Muwapatse. Aziphunzirira pamenepa."

Apongozi, azakhali ndi mayi a kunyumba anakwera matola. Ine ndinatsala ndi mpunga ndi mbuzi, mpaka dalaivala wa lole ina anavomera kundikoka ndi chingwe kukafika pa Masasa, pa mtengo womwe unaposa kale ndalama imene makaniko uja anatchula. Mbuzi inadya mbali ya mpando wakumbuyo tili m'njira.

Ku galaja anachotsa hedi, anaikapo rula yachitsulo n'kundiitana kuti ndisuzumire. Kuwala kunkadutsa pansi pa rulayo. Pakati pa mavavu panalinso ming'alu, moti zoti aipale n'kuibwezera zinakanika, ikufunika ina. Kagasiketi ka P anakachotsa kali zidutswa, bawuti yoonda ija inathyokera m'buloko pomasula. Pano galimoto ili pa mathanthwe ikudikira hedi yochokera ku Johannesburg, ndipo ku ntchito ndikupita pa minibasi. Kunyumba nkhaniyi siitchulidwa, kungoti kagalimoto kamtengo kaja mayi a kunyumba anakaika pamwamba pa TV, poonekera alendo onse.

Pampu yokhayo makaniko sanaipeze ndi vuto. Anati yamangidwa bwino ndipo saikhudza. Mpaka lero siidontha ngakhale pang'ono, poti m'injinimo mulibe madzi.